Pamene Maseneta Ankasankhidwa ndi Aphungu

Tonse tidazolowera kuti munthu akafuna mpando, dzina lake limakhala pa pepala lovotera. Koma m'chaka cha 1858, m'chigawo cha Illinois ku America, amuna awiri adazungulira chigawo chonsecho kwa miyezi ingapo, akutsutsana pamaso pa anthu miyandamiyanda, onse akulimbirana mpando wa seneta. Tsiku lovota litakwana, wovota aliyense adalibe mwayi wosankha ndi mmodzi yemwe mwa awiriwo. Amunawo adali Abraham Lincoln ndi Stephen Douglas, ndipo lamulo la nthawi imeneyo ndi limene linkatero.

Kuti timvane bwino, dziko la America lili ndi zigawo, lero zilipo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake komanso nyumba yake ya malamulo. Ku likulu, ku Washington, kuli nyumba ziwiri. Yoyamba ndi ya aphungu, ndipo chigawo chokhala ndi anthu ambiri chimatumizako aphungu ambiri. Yachiwiri ndi ya Seneti, kumene chigawo chilichonse, chachikulu kaya chaching'ono, chimatumiza anthu awiri basi, aliyense kwa zaka 6. Akuluakulu amene adalemba malamulo oyendetsera dzikolo mumzinda wa Philadelphia mu 1787 adagwirizana kuti aphungu a nyumba yoyamba azisankhidwa ndi anthu, koma maseneta azisankhidwa ndi nyumba za malamulo za m'zigawo. Zinkachitika monga momwe kwathu kuno makhansala amakhalira pansi n'kusankha meya: inu mumasankha khansala, khansalayo ndiye amakakusankhirani meya.

Sadachite izi mwa ulesi. Zigawo zija zidali maboma odzilamulira okha, ndipo zinkachita mantha kuti boma latsopano la dziko lonse lidzazimeza. Kupatsa nyumba za m'zigawo mphamvu yosankha maseneta kudali kuzitsimikizira kuti zidzakhala ndi anthu awo m'kati mwenimweni mwa boma lalikululo. John Dickinson wa ku Delaware ndiye adabweretsa ganizoli. James Wilson wa ku Pennsylvania adalimbikira kuti anthu azisankha okha, koma anzake sadamumvere. Padalinso chifukwa china chimene sankachibisa konse: ambiri mwa akuluakuluwo sankakhulupirira khamu la anthu wamba. Ankafuna nyumba ya anthu okhwima nzeru, osankhidwa ndi anthu odziwa zinthu, yoti iziziziritsa mkwiyo wa nyumba inayo. Dongosololi lidakhala zaka zoposa 120.

Tiyeni tione momwe linkayendera, ndipo tikhalebe ku Illinois komweko, popeza chigawo chimenechi chidaona nkhope zake zonse.

Lincoln adayamba kufuna mpando wa seneta mu 1855, zaka zitatu asanakumane ndi Douglas. Nkhani imene idali m'kamwa mwa aliyense idali ya ukapolo. Mu 1854 Douglas adali atadutsitsa lamulo lokhudza madera a Kansas ndi Nebraska, lomwe lidatsegula khomo loti ukapolo ukhoza kufalikira m'madera atsopano ngati okhala kumeneko atafuna. Ambiri kumpoto adapsa mtima, ndipo pa chisankho cha aphungu a chigawo, otsutsa lamulolo adapeza mipando yochulukirapo. Pa 8 Febuluwale 1855 aphungu a nyumba zonse ziwiri za malamulo za Illinois (popeza nakonso kuli nyumba ziwiri) adasonkhana pamodzi mumzinda wa Springfield. Ulendo woyamba Lincoln adapeza mavoti 45, James Shields yemwe adali pampandopo adapeza 41, ndipo Lyman Trumbull adapeza 5 okha. Lincoln adatsala pang'ono kwambiri. Koma anthu asanu a Trumbull aja adali a chipani cha Democratic amene adagalukira Douglas pa nkhani ya ukapolo yokha, ndipo adakanitsitsa kuvotera Lincoln, munthu wa chipani cha Whig chimene adalimbana nacho moyo wawo wonse.

Adavota, adavotanso. Pakati pa zonsezi a Democratic adamusiya Shields n'kuika bwanamkubwa wa chigawocho, Joel Matteson, munthu wachuma amene adali atayendera kale aphungu ena m'chibisira. Mavoti a Lincoln adayamba kutsika, a Matteson akukwera mpaka 47. Lincoln ataona kuti mpando ukupita kwa adani, adauza omutsatira kuti onse avotere Trumbull. Pa ulendo wa nambala 10 Trumbull adapeza mavoti 51 n'kupambana. Munthu amene adayamba ndi 5 adagonjetsa amene adayamba ndi 45. Mkazi wa Lincoln, Mary, zidamuwawa kwambiri moti ubwenzi wake wakalekale ndi mkazi wa Trumbull udathera pomwepo.

Musafulumire kunena kuti uku kudali kubera. Trumbull yemweyo ndiye adadzatsogolera komiti ya zamalamulo ya Seneti pamene ankakonza kusintha kwa malamulo kumene kudathetsa ukapolo m'dziko lonselo mu 1865. Njira yakaleyo inkatulutsanso anthu abwino. Ndi nyumba ya malamulo ya Mississippi imene mu 1870 idatumiza Hiram Revels, munthu wakuda woyamba kukhala seneta, ndipo patapita zaka zochepa idatumizanso Blanche Bruce. Ndipo Shields uja, poti tamutchula, ndi munthu yekhayo m'mbiri amene adakhalapo seneta wa zigawo zitatu zosiyana: Illinois, Minnesota ndi Missouri. Kumene kunkapezeka nyumba ya malamulo yomukonda, iye ankakhalanso wa kumeneko.

Tsopano tibwere ku 1858. Chaka chimenecho chipani chatsopano cha Republican chidachita chinthu chosazolowereka. M'malo modikira kuti aphungu akasankhidwe kaye n'kukanong'onezana m'zipinda, chidalengeza poyera pa msonkhano wake waukulu, m'mwezi wa Juni, kuti munthu wake pa mpando wa seneta ndi Lincoln. Apa ndiye padachokera mitsutso isanu ndi iwiri yotchuka ija, kuyambira ku Ottawa pa 21 Ogasiti mpaka ku Alton pa 15 Okutobala, kudzera ku Freeport, Jonesboro, Charleston, Galesburg ndi Quincy. Woyamba ankalankhula ola limodzi, mnzake ankayankha kwa ola limodzi ndi theka, kenako woyamba uja ankatsendera kwa theka la ola. Maola atatu, popanda zokuzira mawu, anthu ambiri ali chiimire.

Koma uthenga weniweni wa mitsutsoyo udali wakuti: ukafuna Lincoln, votera phungu wa Republican m'dera lako, ukafuna Douglas, votera wa Democratic. Kaya phunguyo ndi waulesi, kaya ndi chidakwa, kaya sadziwa kanthu za misewu ndi sukulu za dera lako, zimenezo zidaiwalika. Ili ndi vuto limene olemba malamulo a 1787 sadaliganizire. Iwo ankati nyumba ya chigawo idzalamulira seneta. Chimene chidachitika ndi chakuti mpikisano wa seneta ndiwo udayamba kulamulira amene alowe m'nyumba ya chigawo.

Anthu adavota pa 2 Novembala 1858. Powonkhetsa mavoti a chigawo chonse, a Republican adaposa a Douglas. Koma malire a madera adadulidwa potengera kalembera wa 1850, pamene kumpoto kwa chigawocho, kumbali ya Chicago, kumene a Republican adali ndi mphamvu, anthu adali atachuluka kwambiri m'zaka za pakatipo. Komanso aphungu ena adali asanamalize nthawi yawo, ndipo ambiri mwa iwo adali a Democratic. Pa 5 Januwale 1859 nyumba idakhala pansi: Douglas 54, Lincoln 46. Lincoln adagwa kachiwiri. Patangotha zaka ziwiri, mu 1860, awiriwa adakumananso pa mpando wa pulezidenti, ndipo Douglas ndiye adagwa.

Mpaka apa, omvera, tinganene kuti dongosololi linali ndi zofooka koma linkayenda. Lidayamba kuwola nkhondo yapachiweniweni itatha, chuma cha njanji, migodi ndi mafakitale chitakula. Mu 1866 nyumba za ku Washington zidakhazikitsa lamulo loti liwongole zinthu. Lidati nyumba ziwiri za chigawo ziyambe zavota payokhapayokha, ndipo zikapanda kugwirizana, zizikumana pamodzi masana tsiku lililonse n'kuvota mpaka wina atapeza mavoti oposa theka. Lamuloli silidanene chochita ngati wopeza mavoti oterowo sapezeka. Kagulu kakang'ono ka aphungu ouma mutu kankatha kuimitsa zonse mpaka nthawi ya zokambirana itatha. Pakati pa 1891 ndi 1905 zotere zidachitika ka 45 m'zigawo 20.

Ku Delaware zinthu zidafika pa mwana wakana phala. Kudali mkulu wina wolemera ndi malonda a gasi, J. Edward Addicks, amene adaikapo mtima ndi chuma chake kuti akhale seneta. Adali ndi aphungu okwanira kutsekereza wina aliyense, koma osakwanira kumupatsa iyeyo mpando. Mu 1895 aphungu adavota maulendo oposa 200 osamvana. Kuyambira 1899 mpando umodzi udakhala wopanda munthu kwa zaka zinayi, ndipo kuyambira 1901 mpaka 1903 chigawo cha Delaware chidalibe seneta ndi mmodzi yemwe ku Washington. Chigawo cha Dickinson, mwini ganizo lija! Addicks adamwalira asanaulawe mpandowo. Ku Oregon mu 1897 aphungu ena adangonyanyala kulowa m'nyumba pofuna kutsekereza seneta John Mitchell, moti nthawi yonse ya zokambirana idatha nyumbayo isanayambe n'komwe ntchito. Palibe lamulo limene lidadutsa chaka chimenecho.

Nanga ndalama? Apa masamu ake ndi osavuta. Kugula ovota a chigawo chonse n'kovuta, koma aphungu ndi owerengeka, maina awo amadziwika, ngongole zawo zimadziwika, ndipo nthawi ya zokambirana ambiri ankagona m'mahotela omwewo. Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya William Clark wa ku Montana, mwini migodi ya mkuwa, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri m'dzikolo nthawi imeneyo. Mu Januwale 1899, chisankho chili m'kati, phungu wina wotchedwa Fred Whiteside adatulutsa poyera madola 30,000 n'kunena kuti ndi ndalama zimene anthu a Clark adapereka zogulira mavoti. Mukuganiza kuti zidathera pomwepo? Ayi ndithu. Patangopita masabata ochepa nyumba yomweyo idasankha Clark yemweyo. Komiti ya Seneti ku Washington idafufuza, ndipo mu 1900 idapeza kuti chisankhocho sichidayende bwino. Clark sadadikire kuchotsedwa, adatula yekha pansi udindo. Koma adachita izi nthawi imene bwanamkubwa wa Montana adali kunja kwa chigawo, ndipo wachiwiri kwa bwanamkubwa, yemwe adali wa mbali ya Clark, adamusankha msangamsanga kuti alowe pa mpando womwe adausiya uja. Bwanamkubwa atabwerera adazikana zimenezo. Komabe mu 1901 nyumba yatsopano idamusankhanso Clark, ndipo adakhala seneta mpaka 1907. Dera limene kuli mzinda wa Las Vegas limadziwika ndi dzina lake mpaka lero.

Anthu sadakhale chete. Alimi a m'zigawo za kumadzulo, mabungwe a anthu ogwira ntchito ndi atolankhani adayamba kunena kuti Seneti yasanduka nyumba ya anthu olemera ndi antchito awo. Mu 1906 magazini ya Cosmopolitan, ya William Randolph Hearst, idasindikiza mndandanda wa nkhani za David Graham Phillips zimene zidatchula maseneta mmodzimmodzi ndi makampani amene ankawaikira kumbuyo. Nkhanizo zidali ndi mchere wochuluka, koma zidawerengedwa kwambiri. Nyumba ya aphungu ku Washington idavomereza kangapo, kuyambira m'zaka za m'ma 1890, kuti malamulo asinthe. Nthawi zonse ganizolo linkafera ku Seneti. N'zosadabwitsa. Ankapempha anthu kuti agwetse okha makwerero amene adakwerera.

Chimene chidathyola msana wa dongosololi chidachokera m'zigawo momwemo, ndipo kwa ine ndi gawo lokoma kwambiri la nkhani yonseyi. A ku Oregon, atatopa ndi mpungwepungwe uja, adapeza njira yolambalala lamulo popanda kuliphwanya. Adati anthu aziponya voti yosonyeza amene akumufuna pa useneta. Voti imeneyo payokha idalibe mphamvu. Koma aliyense wofuna uphungu wa chigawo ankafunsidwa kuti asaine lonjezo loti akadzalowa m'nyumba adzavotera amene anthu amusankha, posayang'ana chipani. Wokana kusaina, ovota ankamudziwa. Mayeso ake adabwera mu 1908, pamene anthu adasankha George Chamberlain wa Democratic, pomwe nyumba ya malamulo idadzaza ndi a Republican. Mu Januwale 1909 aphungu a Republican amene adasaina aja adavotera munthu wa chipani china, ena akudandaula poyera, koma adavotabe. Zigawo zina zidatengera njira imeneyi kapena ya zisankho zachipulula, ndipo pofika 1912 zigawo 29 zinkafunsa kale anthu mwa njira ina yake. Maseneta olowa mwa njira zimenezi adayamba kuchuluka m'nyumba imene inkakana kusintha ija.

Ndipo Illinois idabwereranso m'nkhani. Mu 1909 aphungu ku Springfield adakanganirana kuyambira Januwale mpaka Meyi. Seneta Albert Hopkins ndiye adapambana pa chisankho chachipulula, koma aphungu sadamufune. Mwadzidzidzi, atavota maulendo oposa 90, adagwirizana pa William Lorimer, mkulu wa ndale wa ku Chicago wa chipani cha Republican, ndipo pafupifupi theka la mavoti ake lidachokera kwa a Democratic. Anthu adadabwa kuti chikondi chimenechi chachokera kuti. Yankho lidabwera mu Epulo 1910, pamene nyuzipepala ya Chicago Tribune idasindikiza umboni wa phungu wina, Charles White, wovomera kuti adalandira madola 1,000 kuti avotere Lorimer. Seneti idafufuza, ndipo mu Malichi 1911 idati Lorimer akhalebe. Mkwiyo wa anthu udakula, umboni wina udatuluka, adafufuzanso, ndipo mu Julayi 1912 adamuchotsa ndi mavoti 55 kwa 28.

Pofika pamenepo nkhondo yosintha malamulo ija idali itatha kale. Zigawo zambiri zidali zitapempha kuti pachitike msonkhano waukulu wokonzanso malamulo oyendetsera dziko, ndipo maseneta adaopa kuti msonkhano wotere ukangoyamba ukhoza kukhudza zinthu zambiri zimene iwo sakanafuna. Seneti idagonja mu Juni 1911 pa ganizo limene adalikonza Joseph Bristow wa ku Kansas. Padatenga pafupifupi chaka china chifukwa andale a kummwera ankafuna kulowetsamo mawu ochotsera boma la Washington mphamvu yoyang'anira zisankho za maseneta, ndipo aliyense ankadziwa kuti cholinga chawo chidali choti apitirize kuletsa anthu akuda kuvota. Mawu amenewo adakanidwa. Nyumba zonse ziwiri zidagwirizana pa 13 Meyi 1912, ndipo pa 8 Epulo 1913 chigawo cha Connecticut chidakhala cha nambala 36 kuvomereza, chiwerengero n'kukwana. Uku ndiko kusintha kwa nambala 17 kwa malamulo oyendetsera dziko la America. Delaware, imene idavutika koposa onse, idadzavomereza mu 2010.

Tisanyengane kuti kuyambira pamenepo zonse zidayera. Mawu oti "anthu" mu 1913 sankaphatikiza amayi m'zigawo zambiri, mpaka 1920. Anthu akuda a kummwera adatsekeredwabe kunja mpaka lamulo la 1965. Pa chisankho chachikulu choyamba cha njira yatsopano, mu 1914, maseneta ambiri akale adabwerera m'mipando yawo, koma Bristow, mwini kusinthako, adagwa chagada pa chisankho chachipulula cha chipani chake. Ndalama nazo sizidathawe, zidangosintha njira. Walira mvula walira matope. Mu 1918 ku Michigan, Truman Newberry adamwaza ndalama zankhaninkhani pa kampeni yolimbana ndi Henry Ford, wopanga magalimoto uja, moti nkhani idafika m'makhoti, ndipo adadzatula pansi udindo mu 1922. N'chifukwa chake ku America alipo mpaka lero ena amene amati kusinthaku kuchotsedwe, ati kudafooketsa zigawo.

Ine sindigwirizana nawo. Wolemera akamwaza ndalama pa kampeni, akuyesa kukopa anthu ochuluka amene sangawaone m'chipinda chovotera, ndipo akhoza kugwa. Akagula aphungu khumi, mpando waugula. Umboni wake udaonekanso ku Illinois komweko mu 2008. Mpando wa seneta ukakhala wopanda munthu pakati pa nthawi, m'zigawo zambiri bwanamkubwa ndiye amasankha wogwirizira. Barack Obama atasiya mpando wake kupita ku upulezidenti, chisankho chidatsala m'manja mwa munthu mmodzi, bwanamkubwa Rod Blagojevich, ndipo khoti lidamupeza wolakwa pa milandu ya katangale, kuphatikizapo kuyesa kugulitsa mpandowo. Adalamulidwa kukhala kundende zaka 14.

Njira yosankha kudzera mwa aphungu sidathe pa dziko lapansi. Ku India mamembala ambiri a nyumba ya Rajya Sabha amasankhidwa ndi nyumba za malamulo za m'zigawo. Abale athu amene ali ku South Africa akudziwa kuti nyumba yachiwiri kumeneko ili ndi nthumwi 90, khumi kuchokera m'chigawo chilichonse, zotumidwa ndi zigawozo. Nafenso ku Malawi, malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali ndi nyumba ya Seneti ya anthu 80. Ena amayenera kusankhidwa ndi makhonsolo a maboma, ena ndi mafumu anzawo, ena n'kuimira magulu osiyanasiyana monga amayi, anthu olumala ndi azipembedzo. Nyumbayo sidakhalepo pansi ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo aphungu adaichotsa m'malamulo mu 2001.

Mawu oti Seneti ibwerere amamvekabe nthawi ndi nthawi, makamaka kuchokera kwa mafumu ndi mabungwe. Tsiku limene nkhaniyi idzafike m'dera lanu, omvera, musadzangofunsa kuti maseneta adzakhala angati ndipo adzalandira zingati. Mudzafunse kuti owasankha adzakhala anthu angati, komanso chidzachitike n'chiyani owasankhawo akadzalephera kumvana.